Kamba wa a Mbewe

Loweruka lapitali chatha chaka chimwalirireni amalume anga, a Jailosi Mbewe, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikuyamba kulemba izi n'kusiya. Ndikangoti ndikhale pansi miyendo imandiyabwa, ndimadzuka kukaona mabalani a fodya ngakhale ndikudziwa kuti kulibe vuto. Mwina ndi matenda a pamtundu. Amalumewo sankadziwa kukhala pansi. Sadza ankadya chiimirire, mbale ili pa dilamu, ndipo kutchalitchi ankaima kumbuyo pafupi ndi khomo, moti alendo ankayesa kuti ndi mlonda wa njinga.

Anali mlongo wawo wa amayi anga. Ife ana obadwira m'mafamu a kuno ku Karoi malume timamutcha sekuru, monga amachitira anzathu Achishona, koma iwo dzina limenelo ankalikana ngati mlandu. Ukawaitana sekuru ankatembenuka n'kuyang'ana kumbuyo kwawo, kufunafuna munthu amene ukumuitanayo. Ankati Chichewa chathu chili ngati malaya a wosonkha moto, zigamba zachuluka kuposa nsalu. Ine ndinkawayankha kuti bola tikumvana. Akakondwa nane ankanditcha Nabanda, akakwiya ndinali "iwe Esitere", ndipo masiku ambiri ndinali Esitere.

Ankakangana ndi aliyense. Ankakangana ndi makondakitala a kombi chifukwa chodikira kuti idzaze, mpaka kutsika n'kuyamba wapansi, kombi yomweyo n'kudzawapeza kutsogolo. Ankakangana ndi akulu a mpingo chifukwa cha zolengeza zotalika kuposa ulaliki. Magetsi akathima ankawadzudzula mokweza ngati mwana wothawa ntchito. Koma mkangano wawo wa tsiku ndi tsiku unali ndi a Sande, amene amasonkha moto m'mabalani mpaka lero. Awiriwa anakulira limodzi, ndipo sindikumbukira tsiku limene anagwirizanapo kanthu, ngakhale za nyengo.

Tikukhala pa komboni ya famu imene kale inali ya mzungu. Mafamu atagawidwa, gawo lokhala ndi mabalani anayi ndi komboni yathu linagwera a Marufu, bambo okhala ku Harare amene amabwera kumapeto a sabata. Ife minda sitinalandire, poti ankati kwathu ndi ku Malawi, dziko limene ambiri a ife sitinalipondepo. Mabanja ena anabalalika, ena kukasaka golide, ena kukagona m'mashopu a anthu. Otsalafe tinatsala pa pangano la pakamwa limene amalume anapangana ndi a Marufu: fodya akamatuluka m'mabalani ali wachikasu bwino, komboni ikhala. Pepala palibe. Chaka ndi chaka a Marufu ankakumbutsa kuti pamene pali nyumba zathu pakhoza kumera chimanga chabwino kwambiri. N'chifukwa chake kuno ngakhale mayi woyamwitsa amadziwa mtundu wa tsamba, pakuti denga la pamutu pake limadalira mtundu umenewo.

Bambo awo, agogo anga, anachoka ku Ntcheu wapansi ali mnyamata, nadzafera pa famu ino asanabwerereko. Amalume anakula akukonza mapampu ndi mawaya, mpaka anakhala wamagetsi wa pa famu n'kupatsidwa nyumba ya njerwa, yokhayo ya magalasi pa komboni ponse. Zinthu zitasintha anakagwira ntchito ku Norton, pa kafakitale kopanga masikelo amagetsi. Kumeneko, imvi zitayamba kale, anaphunzira kompyuta mwa kuumirira basi. Ankaima kumbuyo kwa mainjiniya n'kumafunsa mafunso, mpaka anthuwo atatopa anawapatsa laputopu yakale kuti awasiye agwire ntchito. Kafakitale katatsekedwa anabwerera kuno ndi laputopuyo, katoni ya timabodi tamagetsi, ndi mkwiyo wokwanira zaka khumi.

Malo awo ogwirira ntchito anali shedi yakale yosankhiramo fodya. M'menemo, pa msomali wa pamwamba pa benchi, pankapachikidwa mpango womanga mfundo, wokhala ndi mtedza ndi chimanga chokazinga. Akakolola mtedza watsopano ankasintha zam'katimo, zakale n'kupatsa nkhuku. Aliyense ankadziwa kuti n'za ulendo wa ku Ntcheu, umene ankati adzaupanga fodya akagulitsidwa. Fodya anagulitsidwa kambirimbiri, mpango uli pompo. Ife tikamawanyogodola kumbali tinkati ndi mbuva ya sekuru, poti ndi mmene timatchulira chakudya cha paulendo kuno. Pamaso pawo palibe amene ankautchula.

Pa khoma la balani lililonse amalume anakhomapo bokosi lachitsulo lokula ngati buledi. M'kati muli kabodi kokwana pachikhatho, kamene kamayeza kutentha ndi chinyezi, kuyatsa ndi kuzimitsa fani yoyendetsa mpweya wotentha, ndi kuliza belu zinthu zikavuta. Mapulogalamu ake sanagule. Ankawamanga okha pa laputopu, kusankha chidutswa chilichonse, kenako n'kuwalemba pa khadi laling'ono ngati chikhadabo, longa lija la m'foni.

Makina otere akapatsidwa magetsi, choyamba kudzuka ndi mtima wake, umene amisiri amati kenelo. Kenelo payokha singachite zambiri. Iyenera kukapeza mapulogalamu ena onse amene ali pa khadi, malo amene amalume ankangowatcha kuti kwawo kwa makina. Pakati pa kudzuka ndi kufika kwawoko, mmisiri angathe kuipatsa kenelo kaphukusi kakang'ono, kamene imamasulira m'chikumbukiro chake, kokhala ndi zida zochepa zoyendera. M'mabuku kaphukusi kameneka amati initramfs. Amalume sankafuna kuthyola lilime ndi mawu amenewo. Pa laputopu yawo, foda yosungamo kaphukusiko anailemba kuti kamba.

Mabokosiwo ankagwira ntchito, koma ankachedwa kudzuka. Magetsi akabwerera pankatha masekondi makumi anayi fani isanazungulire, ndipo a Sande ankawerenga mokweza, dala.

"VaMbewe, bokosi lanu ili ndi kombi yodikira kudzaza," ankatero. "Manje tsamba lingapse tikuyang'ana kanyale ka pa bokosi."

Amalume ankawayankha kuti kuthamanga si kufika, ndi kuti munthu wosadziwa kulemba dzina lake asamaphunzitse makina ulemu.

Ine ndinabwera kudzawathandiza maso awo atayamba kufooka. Ndinali nditachitako kosi ku Harare ndipo ndinkakonza mafoni ku Karoi, choncho ndinkadziona ngati ndikudziwa kanthu. Ndinene zoona, amalume anali mphunzitsi woipa. Ukafunsa chinthu ankakulanda laputopu n'kuchita okha, akung'ung'udza. Tsiku lina ndinawafunsa kuti mu kamba muja muli chiyani. Anangoti ndisamukhudze, n'kutuluka kukakangana ndi munthu wina za waya wobedwa. Sindinafunsenso.

Nyengo yochiza fodya ili pakati, kuthamanga kwa magazi kunawagwetsa, n'kugonekedwa kuchipatala ku Karoi. Mabalani onse anayi anali odzaza. Ine ndinatsala ndi laputopu, ndi a Sande akundiwerengera masekondi m'khutu. Lachiwiri ndinatsegula foda ya kamba ija. Munali kapulogalamu kodikira, kogogoda, kodikiranso, koyesa ichi ndi icho kenelo isanaloledwe kupitirira. Ndinaseka ndekha. Kwa ine kamba ndi kanyama kachigoba kaja koyenda pang'onopang'ono, ndipo ndinati nkhalamba ikudziwa yokha kuti chinthuchi n'chochedwetsa, mpaka inachipatsa dzina lachipongwe. Ku kosi anatiphunzitsa kuti timabodi tambiri sitifuna kaphukusi kameneka, bola chida chowerengera khadi uchiike m'kati mwa kenelo momwemo. Ndinachita zomwezo, n'kufufuta mzere woitana kamba, n'kumanganso zonse.

Pa benchi bokosi linadzuka m'masekondi asanu ndi atatu. Ndinayesa kakhumi, ulendo uliwonse ndikulizimitsa mwaulemu monga amanenera mabuku, ndipo kakhumi konse linadzuka. Ndinalemba pa makhadi onse anayi, pamwamba pa zakale. A Sande anawomba m'manja nati tsopano tafika ku Harare. Ine ndinkangoganiza za nkhope ya amalume akadzaona, ndipo ndinkafunitsitsa kuti anditche Nabanda pamaso pa anthu. Safunsa anadya phula.

Lachinayi masana kunagwa mvula yamabingu. Magetsi anathima, n'kuyaka, n'kuthimanso, katatu konse, kenako n'kukhazikika. Mababu atayaka aliyense anati basi mabokosi adzuka monga mwa masiku onse. Mvula inkawomba malata moti sukanamva ngati fani ikuzungulira kapena ayi, ndipo belu silinalire. A Sande anapitiriza kuponya nkhuni m'ng'anjo, atafunda thumba kumutu. Panatha nthawi yoposa ola mvula isanachepe, ndipo ndi pamene amayi omanga fodya anamva kuti balani lachiwiri ndi lachinayi ali zii.

Ndinathamanga ndi laputopu n'kuilumikiza ku bokosi la balani lachiwiri. Mawu anayenda pang'ono pa galasi n'kuima. Mzere womaliza unkanena kuti kenelo yalephera kufika kwawo ndipo yachita mantha. Ndinazimitsa n'kuyatsanso, chimodzimodzi. Ku balani lachinayi, chimodzimodzi. Kuthima kwadzidzidzi kuja kunasokoneza zolembedwa pa makhadi awiriwo, ndipo panalibe wozikonza. Ndinkamva fungo la tsamba lonyowa likuphikika, ndipo amayi onse anali atandizungulira, akundiyang'ana manja.

Amalume anafika nthawi yomweyo pa lole ya nkhuni, atatulutsidwa kuchipatala, atanyowa mpaka m'jombo, mapilitsi ali m'jumbo. Ananunkhiza mpweya, nalamula kuti moto uphulidwe ndi mazenera a pamwamba atsegulidwe. Ndi pulayala analumikiza mafani onse awiri molunjika ku magetsi, osadzera m'bokosi, naika mayi mmodzi pa balani lililonse kuti aziyang'ana choyezera kutentha. Kenako anandigwira padzanja n'kundikokera ku shedi. Anatsegula laputopu, nayandikiza nkhope pa galasi.

"Iwe Esitere, kamba ali kuti?"

"Ndinamuchotsa, amalume. Amachedwetsa. Saka ndinati ndi bwino..."

"Unamuchotsa."

"Inu nomwe munalemba kuti kamba."

"Kamba n'chiyani?"

"Kanyama kaja. Kachigoba."

Kenako analoza mpango wa pa msomali. "Nanga icho n'chiyani?"

"Mbuva."

Amalume anakoka mpando n'kukhala. Kunja anthu ankathamanga ndi zikuni zamoto, fodya ankawonongeka, koma iwo anakhala pansi masana dzuwa lili m'mitambo, manja pa mawondo. Ndinali ndisanawaonepo atatero, ndipo zinandiopsa kuposa akanandimenya.

"Wachigoba uja ndi fulu," anatero motsitsa mawu. "Ena amati kamba, n'zoona. Koma kamba amene ndinalemba ine ndi uyo ali pa msomaliyo. Chakudya cha paulendo. Munthu sachoka pakhomo chimanjamanja, poti sadziwa ngati kumene akupitako akawapeza eni. Ambuyako anafika kuno ndi kamba. Iwe sukulidziwa ngakhale dzina lake."

Anadzuka, natsitsa mpango, namasula mfundo. Pakati pa mtedza panali kapulasitiki ka mapilitsi, ndipo m'kati mwake munali khadi. Linali losungira, lokhala ndi zonse monga anazimangira iwo.

Tikuthamangira ku mabalani anandiuza, akupuma movutika, zimene zinali mu kamba muja. Choyamba amadikira khadi, poti makhadi otchipa amene timagula ku Karoi amachedwa kudzuka magetsi akabwera ofooka. Kenako amaliyeza, ndipo akapeza kuti kuthima kwasokoneza zolembedwa, amazikonza. Zikakanika amatengera kenelo ku chigawo china cha khadi, kumene kuli mapulogalamu omwewo osungira. Zikakanikanso, kamba yekhayo, ali m'chikumbukiro, amayendetsa fani pang'onopang'ono n'kuliza belu mpaka munthu abwere. Masekondi makumi anayi aja ankathera pamenepo. Mabuku a ku kosi yanga sananame, koma analembedwa ndi anthu amene magetsi awo sathima katatu masana amodzi.

Khadi linali limodzi. Analiika ku balani lachiwiri, kumene tsamba linali litayamba kuuma ndipo likanapulumuka. Tinaima tonse kuyang'ana kanyale, ndipo a Sande sanawerenge mokweza. Bokosi linadzuka n'kutenga ulamuliro wa fani. La balani lachinayi tinachita kubwezera mzere uja n'kumanganso, koma mmene tinkamaliza n'kuti zitatha kale. Tsamba la m'menemo linali likadali ndi madzi pamene kutentha kunaunjikana. Titatsegula m'mawa mwake linali lofiirira ngati chikopa chonyowa, kuyambira pansi mpaka pamwamba.

A Marufu anafika Loweruka. Analowa m'balanimo, natuluka ndi tsamba limodzi m'manja, nalitembenuza uku ndi uku. Komboni yonse inali itaima panja, amayi anga atagwira tsaya. A Marufu si munthu wokuwa. Ananena modekha kuti akhala akuchenjeza, kuti iwonso ali ndi ana, ndi kuti nyengo ino ikatha malo a komboni akuwafuna. Kenako anafunsa kuti wachita zimenezi ndani.

Ndinatsegula pakamwa. Amalume anandiponda phazi ndi jombo, mwamphamvu, moti chala chinatupa sabata yonse.

"Ndini ndakakanganisa, VaMarufu," anatero, kutanthauza kuti wolakwa ndi iwo. Munthu amene ankakana kuitanidwa sekuru analankhula Chishona choyera tsiku limenelo, chipewa chili m'manja. Anati maso atha, anasokoneza makhadi asanapite kuchipatala, ndipo pakanapanda mwana wa mlongo wawoyu mabalani otayika akanakhala awiri. Kenako anatchula nyumba ya njerwa, imene a Marufu ankaifuna kuyambira kale kuti aikemo mlamu wawo woyang'anira minda.

"Tengani nyumba. Anthuwa asiyeni, sanalakwe kanthu. Mabokosi kuyambira lero ali m'manja mwa Nabanda, ine ndizingomuyang'ana."

A Marufu anayang'ana nyumbayo, nayang'ana ine, nataya tsamba pansi. Anati zvakanaka, kutanthauza kuti chabwino, koma chaka chamawa asadzamvenso nkhani. Umo ndi mmene ndinatchulidwira Nabanda pamaso pa anthu, ndipo ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Madzulo ake ndinawapeza akutulutsa katundu, ndipo ndinawauza kuti ndikukaulula kwa a Marufu.

"Ukaulule kuti nyumba ndiitaye pachabe?" anatero, osasiya kumanga mabulangete. "Ine masiku anga apita. Akadziwa kuti ndiwe, tsiku limene ndidzafe adzaitana munthu wa ku Harare, ndipo munthu wa ku Harare safuna komboni. Tseka pakamwa, nyamula bediyo. Mlandu uli nanenso. Ndinalemba dzina, mawu sindinaphunzitse."

Musaganize kuti anasanduka mngelo. Anasamukira ku shedi ali owawidwa mtima, ndipo panali masiku amene sankandilankhula n'komwe. Podutsa pa nyumba ija ankayang'ana kumbali. Ankadandaula kuti anthu atsopanowo akuyanika zovala pa waya wawo wa wailesi, ndi kuti mapeyala a mtengo umene anabzala okha akuthyoledwa osakhwima. A Sande akamawaseka kuti mdhara wakalamba, wayamba kusokoneza makhadi, amalume ankawatukwana za zinthu zina zonse, koma za makhadi ankangomeza. Ine ndinkaima pompo n'kumamva, ndipo ndinkachita manyazi ndi mkwiyo pamodzi. Nthawi zina ndinkawakwiyira iwo omwe, chifukwa chondisenzetsa chinthu chimene sindikanatha kutula.

Tinakanganansopo za dzina. Ine ndinati fodayo tiitche initramfs monga anthu onse, kapena mbuva, kuti wina asadzalakwitsenso. Anakana kwamtuwagalu. Anati ukasintha dzina lililonse limene ana sakulidziwa, tsiku lina udzapeza kuti watsala wopanda mawu. Chimene analola n'kuwonjezera mzere umodzi pamwamba pa kapulogalamu kaja, umene ulipo mpaka lero: kamba uyu alibe miyendo, funsani Nabanda. Kuyambira pamenepo anayamba kundiphunzitsa, moipa monga kale, akuyendayenda kumbuyo kwanga. Tsiku lina zinali za kenelo, lina za mawu a m'buku lawo lanyimbo lothothoka masamba. Anandiphunzitsanso kuyesa bokosi pozula pulagi mwachipongwe, kambirimbiri, poti ndi mmene magetsi a kuno amachitira. Chichewa chimene ndikulembachi ndi chawo, zigamba zake ndi zanga. A Marufu sachiwerenga. A Sande ndidzawawerengera ndekha, ndipo ndikufuna adzamve mpaka kumapeto.

M'shedi muja mumalowa mphepo. Anakhalamo nyengo ziwiri zozizira, ndipo yachiwiri inawalowa m'chifuwa osatulukanso. Kuchipatala ankakangana ndi anamwino chifukwa chowagoneka, akuti munthu wagona kale mokwanira ali khanda. Funso lawo lomaliza kwa ine linali lakuti ndayesa kuzula pulagi pa bokosi latsopano kapena ayi. Tinawaika kumanda a pa famu, m'munsi mwa mabulugamu, pafupi ndi bambo awo. Ku Ntcheu sanafikeko onse awiri. Amayi anga ankafuna kuti mpango uja ulowe m'bokosi la maliro, akulu a mpingo anakwinya nkhope, ndipo ali mkati mokangana ine ndinautenga n'kuubwezera pa msomali. Muli khadi lina losungira, ndipo amoyo akulifuna.

Nyengo yapitayi fodya anatuluka wachikasu m'mabalani onse anayi, ndipo komboni ikadalipo, mwina mpaka chaka chamawa. Ku shedi sindinasinthe kanthu. Bedi lawo lili kukona lopanda matilesi, jombo zili pansi pake, ina itagwa chammbali. Pa dilamu pali chizindikiro chozungulira pamene pankakhala mbale. Ukaima pakhomo umaona nyumba ya njerwa ndi zovala za eni atsopano zili pa waya wa wailesi. Mpango uli pa msomali. Mtedza ndinausintha titakolola, wakale ndinapatsa nkhuku. Pa benchi pali bokosi loyeserera, lolumikizidwa nthawi zonse, ndipo magetsi akabwerera kanyale kake kamayaka n'kuyamba kudikira. Palibe amene amawerenga, palibenso wodzudzula magetsi. Ine ndimadikira nako masekondi onse makumi anayi, chiimirire. Mpando m'shedimo ndi umodzi, uja anakhalapo tsiku lija, ndipo sindinaukokebe.